Mdima Wogula pa Mita

Ndinaugula pamsika wa Kwachena mdimawu,
mamita anayi, wokulungidwa ngati mkeka.
Wogulitsayo, Fawusitino wa dzino lobenthuka,
anati anyamata ake amata bwino
ndikangowonjezera mametikali mazana asanu ndi atatu.
Ndinaseka. Ndinati manja ndinabadwa nawo.

Loweruka m'mamawa kuno ku Matundo,
dzuwa lisanaphulike,
ndakankhira galimoto patsinde pa mtengo wa masau.
Zida zanga ndi izi basi:
lezala, botolo la madzi a sopo
loboola chitsekerero ndi msomali,
ndi khadi yakale ya ku banki,
yomwe lero yapeza ntchito koyamba.

Ndatsuka galasi katatu.
Fumbi la malasha a ku Moatize silimva sopo,
umapukuta uku, ilo latera kale uko.

Zenera loyamba landichititsa manyazi.
Kamphepo kadzera kumtsinje,
pepala lapindika, ladzipsompsona lokha,
polimatula latuluka makwinya
ngati shati yogona nayo.
Nangozo ali pakhonde, akusankha nyemba.
Sanadzutse mutu.
Wangoti, "Mukanalipira."

Lachiwiri ndaphunzira ulemu.
Kunyowetsa galasi mpaka lilire,
kusenda pepala pang'onopang'ono, mpweya uli m'khosi,
kuligoneka, kenako khadi:
kuchoka pakati kupita m'mbali,
kuchoka pakati kupita m'mbali,
kuthamangitsa timatuza ta madzi
mpaka tikagwere kunja.

Matuza ndimawadziwa ine.
Ndinawawerenga paphewa la Ludovina
tsiku lija tinaima ola lathunthu pamlatho,
malole ali ndondondo kutsogolo,
Zambezi akung'anima pansi ngati malata atsopano.
Mwana wanga, zaka zisanu ndi ziwiri,
khungu loyera, nsidze zoyera,
chipewa mpaka m'makutu, mafuta a kuchipatala atatha,
dzuwa likumudya kudzera pagalasi.

Koma si dzuwa lokha limalowa pazenera.
Mnyamata wogulitsa madzi ozizira
anasuzumira, naitana mnzake.
Winanso, bambo wamkulu ndithu, wa tayi,
anamuyang'ana nthawi yaitali
monga amayang'anira mbuzi pamsika,
kuyeza ndi maso.
Usiku umenewo sindinagone.
Zimenezi Fawusitino sindinamuuze.

Lachitatu ndatsekeramo nyerere.
Ilipobe pakona, miyendo tambalale,
idzayenda nafe mpaka ku Ulongwe pa Khirisimasi.
Lezala landilawa chala chachikulu.
Magalasi akutsogolo ndawasiya oyera,
apolisi azindiona nkhope, ine ndilibe kanthu.

Dzuwa lafika paliwombo, thukuta likuyabwa m'maso.
Ndamuitana.
Wabwera akutsinzinira monga mwa masiku onse,
dzanja pamphumi,
wakwera kumbuyo, ndatseka chitseko.
Ndayang'ana pakalilole:
maso onse awiri ali tong'o,
akuvinavina muja amachitira,
koma otsekula, otsekula ndithu, masanasana.
Wayang'ana mtengo wa masau mpaka kunsonga.
Wati, "Kodi muli chisa umu?"
Chisacho chakhalamo zaka ziwiri.

Ndamuuza lamulo: masiku atatu osatsitsa galasi,
guluu agwire.
Wavomera ndi mutu.
Kenako wagunditsa mphuno pamdimawo, nafunsa,
"Nanga Marisela andiona bwanji
ndikamamubayibitsa pa geti ya sukulu?"

Ndinalibe yankho.
Ndatola zidutswa, ndataya madzi a sopo.

Lolemba madzulo ndapeza
pazenera loyamba lija, la makwinya,
pamene pepala silinagwire bwino,
kachikhadabo kagwira ntchito yake:
kabowo kozungulira, kukula ngati ndalama yachitsulo,
pamlingo weniweni wa diso lake.
Kuwala kukulowerapo ngati chingwe,
kukagwera pampando.

Chidutswa chotsala ndili nacho m'kabati,
chokwanira bwinobwino kutseka pamenepo.
Lezala liliponso.
Nangozo wandifunsa kawiri kuti ndimata liti.
Ndikumati mawa,
kukakhala kopanda mphepo.